Wani Amene Alamu Anasandutsa Folo

Ndinkagwira ntchito ku Parklands, mumzinda wa Nairobi ku Kenya, m'kabungwe ka mpingo kothandiza anthu osaona. Ofesi yathu inali pamwamba pa sitolo ya nsalu, zipinda zitatu basi, ndipo Mmalawi ndinali ndekha. Anandilemba chifukwa cha Chichewa. Tinkafuna kuti foni izitha kuwerengera munthu wosaona uthenga, kalata ya kuchipatala kapena vesi m'chinenero chake, ndi mawu omveka ngati a munthu. Anzanga awiri ankachita za Chiswahili ndi Chiluo, ine za kwathu. Kwa zaka ziwiri tchuthi changa chonse chinkathera pojambula mawu: amayi ogulitsa mbatata ku Dedza, aphunzitsi opuma ntchito ku Mulanje, aliyense wovomera kundiwerengera ziganizo pamalo opanda phokoso.

Mawu atakwana, panatsala kuphunzitsa kompyuta kuti iziyankhula. Apa ndi pamene ndinadziwira za matchipi. Tchipi ndi kachipangizo kophwatalala ngati bisiketi kamene kamachita masamu onse m'kati mwa kompyuta, ndipo ntchito ngati yathu imafuna matchipi amphamvu kwambiri. Vuto linali lakuti boma la Amereka linali litaika malamulo oti matchipi amtunduwu asafike ku China ndi kumaiko ena amene silikuwakhulupirira. Choncho wogula, ngakhale ife a pamwamba pa sitolo ya nsalu, ankayenera kudzaza fomu yolumbira kuti makompyutawo ndi angati, akakhala m'chipinda chiti, akagwira ntchito yanji, ndiponso kuti sadzagulitsidwa kwa wina. Yunivesite ina ya ku Ulaya imene tinkathandizana nayo inavomera kutigulira kompyuta imodzi. Inatsala nkhani ya mapepala, ndipo mapepalawo anandizunguza mutu miyezi itatu.

Ku Nairobi kunalinso alamu anga, achimwene awo a amuna anga. Iwo ankagwira ntchito ku bungwe lalikulu la maiko onse, ku nthambi yoitanitsa katundu. Ankakhala ku Lavington, m'nyumba ya mpanda wa maluwa, ife tikumeza fumbi ku Kitengela. Ndiwo anaitanitsa amuna anga kuchoka ku Zomba n'kuwapezera malo a uphunzitsi pa sukulu ya mpingo, ndipo chimenechi palibe m'banja mwathu ankaloledwa kuchiiwala. Analinso wapampando wa gulu la mapemphero la Amalawi, limene linkakumana kwawo Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse.

Tsiku lina titatha mapemphero, tikumwa tiyi pakhonde, ndinadandaula za mafomu anga.

"Mlamu, mukuvutikiranji ine ndili moyo?" anatero alamu. "Ntchito yanga ndi yomweyi. Ndili ndi mnzanga ali ndi kampani yoitanitsa makompyuta cha ku bwalo la ndege. Inu mungosaina, zina zonse tisiyireni."

Lachiwiri lotsatira anabwera ku Parklands nthawi ya nkhomaliro. Anati akuthamangira msonkhano, choncho sanakwere ku ofesi. Ndinatsika ndi chidindo cha bungwe, chifukwa abwana anali ku Kampala ndipo anandisiyira ine. Fomu ndinadzazira pa boneti ya galimoto yawo. M'kabokosi kofunsa kuti makompyuta ndi angati ndinalemba wani, kamzere kamodzi koongoka kopanda mbedza, momwe anandiphunzitsira mu Sitandade 1. Ndinasaina, ndinadinda, alamu anapinda pepala n'kuika m'thumba la jekete. Sindinalijambule. Munthu sujambula pepala limene wapatsa m'bale wako.

Kompyuta inabwera patatha milungu isanu ndi umodzi. Inali yolemera ngati thumba la simenti ndipo inkalira ngati chigayo chapatali. Mtsikana wa ku kampani ija, Mkenya waulemu amene ankalemba katundu wotuluka pageti pawo, ndiye anandiimbira foni kuti ndikonze malo. Miyezi imene inatsatira ndi imene ndinasangalala kwambiri pa ntchito moyo wanga wonse. Tsiku loyamba kompyuta kuyankhula inati "mwadzuka bwanji" ngati mzungu wansembe wongofika kumene, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Pofika mwezi wachinayi inkayankhula ngati mayi wa ku Dedza.

Kenaka kunabwera alendo awiri, mzimayi ndi mwamuna, otumidwa ndi kampani yopanga makompyutawo. Anali aulemu. Anawerenga nambala ya kumbuyo kwa kompyuta yathu, n'kulemba. Mzimayiyo anayang'ana uku ndi uku m'chipindamo.

"Nanga ena atatu ali kuti?" anafunsa.

"Atatu ati?"

Anatsegula fayilo n'kundionetsa fomu. Dzanja linali langa, siginecha yanga, chidindo chathu. Koma kamzere kanga kaja kanali katamera mkono ndi mwendo wopingasa. Wani anali atasanduka folo. Anatifotokozera, ine ndi abwana, kuti imodzi mwa makompyuta atatuwo inapezeka ku dziko loletsedwa lija, pamene eni ake atsopano anapempha kuti ikonzedwe, n'kutchula nambala yake. Malinga ndi mapepala, inayenera kukhala ili m'chipinda chathu ku Parklands.

Zotsatira zake zinabwera mothamanga. Bungwe lathu analiika pa mndandanda wa osaloledwa kugula zipangizo zoterezi. Kompyuta yathu anaimata zomatira n'kuinyamula amuna anayi, kutsika nayo masitepe omwe inakwerera. Yunivesite ija inalemba kalata yaifupi yoti maloya awo awaletsa kupitiriza nafe. Mnzanga wa Chiluo, amene ntchito yake inafera limodzi ndi yanga, anasiya kundipatsa moni. Abwana anandiimitsa kaye, kenaka anandichotsa. Sananditukwane. Anangoti, "Ndinakusiyirani chidindo," n'kuyang'ana pawindo.

Ndinapita kwa alamu tsiku lomwelo. Ndinawapeza akutsika m'galimoto.

"Alamu, fomu ija ndinalemba wani. Folo wachokera kuti?"

"Mlamu, fomu munalemba ndinu, ndi dzanja lanu. Ine ndinangonyamula. Mwina cholembera chinaterereka, pa boneti paja si pa tebulo."

"Nanga mnzanu wa kampani uja?"

"Ameneyo watipusitsa tonse. Ndamva watseka, wathawa. Inenso ndakhumudwa kwambiri."

Ankayankhula akupukuta magalasi awo ndi tayi, osandiyang'ana. Kunyumba amuna anga anamvetsera zonse atagwira kuchibwano. Pomaliza anati, "Amayi, umboni tilibe. Ndi achimwene anga aja. Tisiyire Mulungu." Ndinawafunsa ngati iwo akukhulupirira kuti cholembera chinaterereka. Anatenga makope a ana asukulu n'kuyamba kuchonga.

Mpaka pamenepa ndinali munthu wosweka mtima chabe. Chidani chinabadwa Lamlungu loyamba la mwezi wotsatira. Sindinkafuna kupita ku mapemphero, koma amuna anga anati tikajomba anthu anena kuti ndikudziwapo kanthu. Tinakhala m'balaza wa alamu, anthu pafupifupi makumi atatu, ambiri a m'mabungwe akuluakulu, ena a m'mipingo. Itakwana nthawi ya mapembedzero, alamu anaimirira, anatseka maso, anakweza dzanja.

"Atate, tikuika m'manja mwanu mlongo wathu, mlamu wanga, amene wagwa m'mayesero pa ntchito. Mukudziwa kuti kuno n'kutali ndi kwathu ndipo zokopa n'zambiri. Musamutaye. Mumupatse mtima wolapa."

Anthu onse anati ameni. Amuna anga anati ameni. Amayi ena amene tinkaimba limodzi kwaya anandisisita pamsana. Ine maso anali otsegula, ndikuyang'ana nsapato za alamu, zakuda, zowala ngati kalilole. M'khutu mwanga munkalira ngati mwalowa njuchi. Ndinalumbira chamumtima kuti munthu ameneyu ndidzamuona akutuluka mu Nairobi ndi zikwama, ndipo adzadziwa kuti wamutulutsa ndine.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindinasiye mapemphero. Mwezi uliwonse ndinkakazinga mandasi, kukwera nawo maminibasi awiri, amene kuno amati matatu, mpaka ku Lavington, kuwapatsa moni alamu nditapinda mawondo. Iwo ankati, "Mukupeza bwanji, mlamu? Limbani mtima." Ine ndinkati, "Tikuyesetsa, alamu, ndi mapemphero anu." Pobwerera ndinkakhala pawindo la matatu, m'mizere ya magalimoto ya pa msewu wa Mombasa, ndikulingalira mmene nkhope yawo idzaonekere tsiku limenelo. Ndinaonda. Anthu ankati ndi manyazi. Sanali manyazi ayi.

Chimene ndinali nacho ndi nambala ya foni ya mtsikana wa pageti uja. Poyamba sankayankha. Ndinaimba masabata atatu, kenaka anayankha mlongo wake, amene anandiuza kuti kampani itatsekedwa mtsikanayo anayamba kugulitsa kaunjika ku Mlolongo, m'mbali mwa msewu womwe ndinkadutsa. Kuno kaunjika amati mitumba. Ndinatsika pa siteji n'kuyamba kuyenda benchi ndi benchi mpaka ndinamupeza atakhala pa mpando wapulasitiki, akusita masiketi.

Anandizindikira nthawi yomweyo. "Mama Malawi, pole sana," anandipepesa m'Chiswahili, "koma ine sindikufuna milandu. Ndili ndi mwana."

Sindinamukakamize. Ndinagula siketi yosandikwana n'kumapita. Ndinabweranso sabata lotsatira, ndi linzake. Ndinkamuthandiza kupinda zovala, tikucheza m'Chiswahili changa chothyokathyoka, iye akundiseka. Ulendo wachinayi ndinamuikira pa foni yanga kachidutswa ka mawu a kompyuta ija ikuwerenga kalata ya kuchipatala m'Chichewa. Sanamve tanthauzo lake, koma ndinamuuza kuti tinkaikonzera anthu osaona. Kenaka anandifunsa ngati bambo wa magalasi uja, wa galimoto ya nambala zofiira, ndimamudziwa.

"Ndi achimwene awo a amuna anga," ndinatero.

Anaika simbi pansi. Anatulutsa foni yake yong'ambika galasi n'kuyamba kufufuza zithunzi. Anati abwana ake sankawakhulupirira, choncho Lachisanu lililonse ankajambula masamba a buku la pageti kuti tsiku lina asadzamunamizire kuti waba katundu. Anandionetsa tsamba limodzi. Mabokosi anayi analowa tsiku limodzi. Limodzi linapita ku Parklands. Atatu anatuluka mawa lake m'mawa, wosainira ndi alamu, dzina lawo lonse, ndipo pambali pake panali nambala ya galimoto ya kuntchito kwawo. Magalimoto a nambala zofiira, a akazembe ndi mabungwe a maiko onse, apolisi sawasecha pamsewu. Anatengera galimoto ya bungwe katundu wozembetsa.

Mtsikanayo ananditumizira zithunzi zitatu, n'kuvomera kuti ofufuza akadzamufuna adzayankhula, bola dzina lake lisamveke ku tchalitchi kwawo. Ndinakwera matatu a ku Kitengela ndikumva ngati ndanyamula makala amoto m'chikwama.

Apa ndiyenera kunena zoona za ine mwini. Ndikanatha kutumiza zithunzizo tsiku lomwelo, ndipo mwina dzina langa likanayera msanga. Sindinatero. Ndinali nditamva kwa akazi awo a alamu kuti amuna awo akuyembekezera kukwezedwa, akhale mkulu wa katundu m'chigawo chonse cha kuno kum'mawa kwa Afirika. Ndinafuna kuti akwere kaye. Wogwa pa chulu amangodzisasa fumbi, ine ndinkafuna agwe kuchokera pa denga. Ndinasunga zithunzi miyezi iwiri, osauza ngakhale amuna anga. M'mawa uliwonse ndikatha kusesa ndinkazitsegula n'kuziyang'ana, monga ena amayambira tsiku ndi vesi.

Kalata yokwezedwa inatuluka. Anakonza mapemphero a chithokozo kwawo, anaitana abusa awiri, anawotcha mbuzi pabwalo. Ine ndinaphika mpunga wa anthu onse ndipo sunapserere. Alamu anayankhula mphindi makumi awiri za kukhulupirika pa zinthu zazing'ono. Ndinaomba m'manja limodzi ndi anzanga, mwina kuposa onse.

Lolemba m'mawa ndinapita pa kashopu ka intaneti pafupi ndi msika wa Kitengela. Ndinalemba imelo imodzi, ndime zinayi, yopanda mawu aukali. Ndinaitumiza kwa ofufuza milandu a kuntchito kwa alamu, kwa mzimayi uja wa kampani yopanga makompyuta, ndi kwa abwana anga akale. Mtsikana wa pa kashopuko ataona mutu wa kalatayo anandifunsa ngati ndikufuna anditsegulire imelo ya dzina labodza. Ndinakana. Pansi ndinalemba dzina langa lonse ndi ubale wanga ndi munthuyo.

Amuna anga ndinawauza madzulo ake, titatha kudya. Anayang'ana zithunzi nthawi yaitali, akukulitsa siginecha ya achimwene awo ndi zala.

"Bwanji simunandiuze? Tikanakambirana pa chibale."

"Pa chibale pamene munanena ameni paja?"

Anaimirira n'kutuluka panja. Kwa milungu yambiri m'nyumba mwathu munkamveka masupuni okha.

Mabungwe akuluakulu amachedwa, koma akagwira salekeza. Anawaimitsa alamu patatha milungu itatu. Anaitana mtsikana wa ku Mlolongo, anayang'ana buku la maulendo a galimoto, anafunsa dalaivala amene anauzidwa tsiku lija kuti apume, abwana ayendetsa okha. Patatha miyezi inayi anawachotsa. Chilolezo chawo chokhalira mu Kenya chinali chomangika ku ntchitoyo, ndipo nyumba ya ku Lavington inali ya lendi. Gulu la mapemphero linasamukira kwa banja lina popanda wonena chifukwa.

Nditamva tsiku limene akulongedza, ndinavala chitenje changa chatsopano n'kunyamuka. Mlonda wa pageti ankandidziwa, ananditsegulira. M'balaza munali makatoni okhaokha, pakhoma patatsala misomali. Akazi awo anandipeza nditaima pakati pa chipinda. Maso awo anali otupa. Mayi ameneyu sanandilakwirepo, ndipo ndikamukumbukira pamakhala kamalo kamodzi mumtima mwanga kamene kamaluma.

"Mwabwera kudzaona chiyani, asisi?" anandifunsa.

"Ndabwera kudzatsanzikana ndi alamu."

"Agona. Sakupeza bwino."

"Ndidikira."

Ndinakhala pa katoni ya mabuku. Anyamata a kampani yosamutsa katundu ankandilambalala ndi mipando. Ndinadikira ola lathunthu ndi theka. Pomaliza chitseko cha kuchipinda chinatseguka ndipo alamu anatuluka atavala kabudula ndi masilipasi, ndevu zosameta. Ndinali ndisanaonepo miyendo yawo. Inali yowonda ngati ya mwana wasukulu.

"Mlamu," anatero. "Mwasangalala?"

M'matatu ndinali nditakonza mawu ambiri, ena a m'Baibulo. Onse anathawa. Ndinangoti, "Ndikanasangalala mukanamangidwa."

"Ana anga awiri ali ku sukulu kuno. Munawaganizira?"

"Inu munaganizira anga pa boneti paja?"

Anakhala pansi, pa simenti penipeni, n'kugwira mutu. Ndinkayembekezera kuti apepesa, kapena akana, kapena anditukwana. Iwo anati, "Zinali za azungu ndi Matchaina, mlamu. Malamulo awo, nkhondo yawo. Ife zikutikhudza chiyani? Ndinkaganiza kuti palibe adzabwere kudzawerenga." Mpaka tsiku limenelo sankaona kuti panali munthu amene anamulakwira. Ndinaimirira, ndinakonza chitenje, ndinatsanzika akazi awo mwaulemu wonse, n'kutuluka. Panjira ndinagula chimanga chootcha kwa bambo wa pakona, ndinadya chonse ndikuyenda, ndipo chinandikomera.

Abwana anga akale anandilembera kalata yopepesa. Anati dzina langa layera, koma bungwe likadali pa mndandanda uja, chifukwa kulowapo n'kwa tsiku limodzi, kuchokapo n'kwa zaka ndi maloya. Yunivesite ija inali itapeza kale anzawo ena ku dziko lina, ndipo m'ntchito yawo yatsopano mulibe Chichewa. Ine pano ndimamasulira timabuku ta zaumoyo ndili kunyumba. Amuna anga anayambanso kuyankhula nane pang'onopang'ono, poyamba za ana, kenaka za mvula. Za achimwene awo sitikamba.

Amene anakamba ndi apongozi anga. Anaimba kuchokera ku Zomba Loweruka lina masana, ine ndikuchapa.

"Apongozi, mwana wanga wafika. Wakhala pakhomo ngati mlendo, satuluka. Mwakhuta tsopano?"

"Amayi, ine ndinangotumiza zimene iwo analemba ndi dzanja lawo."

"Chibale n'fupa, sichiola. Mudzafunana pa maliro."

"Mlandunso suola, amayi."

Anadula foni. Ndinapitiriza kuchapa.

Mwezi wathawu mnzanga wina wa ku Lilongwe, amene nkhani yonseyi saidziwa, anandiuza pocheza kuti waona alamu atavala suti pa ofesi ya bungwe lina logawa mankhwala m'zipatala za kumidzi. Anati akufunsira ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo katundu ndipo zikuoneka kuti awatenga, chifukwa mapepala awo ndi olemera. Ndinamufunsa dzina la bungwelo ngati ndikungocheza. Tiyi wanga asanathe ndinali nditapeza adiresi ya mkulu wolemba anthu ntchito kumeneko. Ndinaganizira za akazi awo aja ndi maso awo otupa, ndinaganizira za ana, ndinakhala nazo masiku awiri. Lachitatu m'mawa ndinatumiza zithunzi zitatu zija pamodzi ndi kalata ya abwana anga akale, n'kulemba dzina langa pansi. Kenaka ndinatenga dengu n'kupita kukagula tomato.